Magazi Amene Akuluakulu Sankawaona

Patchuthi chapitachi mwana wa achemwali anga, mtsikana amene ali ku sekondale, anabwera kudzacheza kwathu, ndipo madzulo ena anandiuza kuti iye ndi anzake anaonera filimu yoopsa yotchedwa It, ija inatuluka mu 2017. Nditamuuza kuti nkhani yomweyo inapangidwapo kale mu 1990 ngati filimu ya pa TV ya magawo awiri, ndiponso kuti ineyo ndinaionera ndili mwana, anaumirira kuti tiifunefune tionere limodzi. Tinaipeza, ndipo tinakhala pansi n'kuionera yonse, maola atatu ndi mphindi zingapo, mpaka pakati pa usiku.

Zambiri zimene zinkandisowetsa tulo kalelo iye sizinamugwedeze, chifukwa maso ake anazolowera mafilimu opangidwa ndi makompyuta. Koma mkati mwa gawo loyamba muli malo pamene mtsikana wina, dzina lake Beverly, wayima m'bafa akunjenjemera, magazi ali mbwee pasinki, pagalasi ndi kumaso kwake, ndipo bambo ake akulowa, akuyang'anayang'ana, osaona kanthu. Pamenepo mwanayo anaimitsa filimu n'kutembenukira kwa ine.

"Amalume, kodi bambowa sakuwaonadi magaziwo, kapena akungonamizira?"

Ndinamuyankha mwachidule kuti malinga ndi nkhaniyo akuluakulu a m'tawuni imeneyo satha kuona zimene ana akuona, ndipo tinapitiriza kuonera. Iye anabwerera kwawo sukulu zitayandikira, koma funso lake linatsala nane, ndipo ndi limene landikhazika pansi kuti ndilembe nkhani ino.

Nkhope yoyera m'ngalande

Ndinaionera koyamba chapakati pa zaka za m'ma 1990, m'kanyumba koonetsera vidiyo m'dera lathu, momwe tinkathinana pamabenchi mazenera atatsekedwa ndi makatoni. Masana ankaonetsa mafilimu a karate ndi a nkhondo, ndipo oopsa ankawasungira madzulo. Chingelezi cha ku America chimene anthu a mufilimumo ankalankhula chinkangondidutsa, moti zimene ndinatuluka nazo zinali zithunzi zokha: kamnyamata kovala jasi lamvula lachikasu kakuthamangira kabwato kake kapepala m'mbali mwa msewu, nkhope yopakidwa zoyera ya mphuno yofiira ikusuzumira m'dzenje lolowera madzi amvula, ndiponso mano akuthwa aja amene amatulukira kumwetulira kukatha. Kwa nthawi yaitali ndinkalambalala kalavati aliyense ndikamapita kusukulu.

Nkhope imeneyo ndi ya Tim Curry, katswiri wa zisudzo wa ku England, amene anasewera Pennywise, chilombo chimene chimadzionetsa ngati munthu wanthabwala wosangalatsa ana. Ngakhale lero, ndikaiika pambali nthumanzi ya ubwana, ndimaona kuti ntchito yake inali yapamwamba. Iye anali atavutika kale ndi zomata kumaso pamene ankapanga filimu ya Legend ya 1985, choncho anapempha kuti ulendo uno zomatazo zichepe. Zotsatira zake n'zakuti chimene timaona ndi nkhope ya munthu weniweni, yokhala ndi utoto woyera, chipumi chachikulu ndi tsitsi lofiira basi. Amaseka ndi mawu okhakhala, amanena nthabwala, amagwedeza dzanja ngati mnzako wakale, kenako maso amauma mwadzidzidzi mlomo ukadali womwetulira. Nthawi zambiri amaonekera masana dzuwa likuwala, pakati pa nsalu zoyanikidwa pachingwe kapena kutsidya kwa msewu, ndipo nthawi yonse imene amakhala pa kanema ndi yochepa poyerekeza ndi kutalika kwa filimuyo. Kwa zaka zambiri ndikamva dzina la filimuyi ndinkangokumbukira iyeyo.

Maola khumi anasanduka atatu

Buku limene filimuyi inachokera ndi la Stephen King, linatuluka mu 1986, ndipo lili ndi masamba 1,138. Kampani ya TV ya ABC itaganiza zolisandutsa filimu, poyamba inkalingalira za maola asanu ndi atatu kapena khumi, ndipo amene ankayembekezeka kuitsogolera anali George A. Romero, yemwe anatchuka ndi Night of the Living Dead ya 1968. Maolawo anapitirira kudulidwa, Romero anachokapo, ndipo ntchito inagwera Tommy Lee Wallace, amene anagwirapo ntchito ndi John Carpenter pa filimu ya Halloween. Wolemba sewero lake anali Lawrence D. Cohen, yemwenso analemba sewero la Carrie mu 1976. Ngakhale nkhaniyo imachitikira m'tawuni yopeka ya Derry, m'chigawo cha Maine ku America, anakaijambulira ku Canada, mumzinda wa Vancouver ndi madera ozungulira. Inaonetsedwa pa 18 ndi pa 20 November 1990, ndipo anthu pafupifupi 30 miliyoni anaionera. Richard Bellis analandira mphoto ya Emmy chifukwa cha nyimbo zake.

Zinthu ziwiri zokhudza TV ya nthawi imeneyo zinaumba filimuyi kuposa china chilichonse. Choyamba ndi malonda. Gawo lililonse linkayenera kudulidwa m'zidutswa zisanu ndi ziwiri kuti pakhale mpata wotsatsa malonda, ndipo zinangochitika kuti ana a m'nkhaniyo analiponso asanu ndi awiri. Cohen anapezerapo mwayi n'kupereka chidutswa chimodzi kwa munthu mmodzi. Mike Hanlon, yemwe amagwira ntchito mu laibulale ya ku Derry, amaimbira foni anzake akale mmodzimmodzi m'chaka cha 1990 kuwauza kuti chilombo chija chabweranso, ndipo aliyense akamatsitsa foni timabwerera naye ku 1960 kukaona zimene zinamuchitikira ali mwana. M'bukumo zakazo ndi 1957 mpaka 1958, kenako 1984 mpaka 1985, ndipo chilombocho chimadzuka pakapita zaka 27, koma filimuyi inazisuntha n'kuzipanga zaka 30. Kamangidwe kameneka ndi kamene kamachititsa kuti gawo loyamba likhale lolimba kwambiri.

Chachiwiri ndi malamulo a zimene zingaonetsedwe m'nyumba za anthu madzulo. ABC sikanalola kuti mwana aoneke akuvulazidwa moopsa. Kamtsikana kamene kamafa kumayambiriro kwenikweni sitikaona kakufa. Timaona kanjinga kake ka matayala atatu katagwa chammbali, n'kumva mayi ake akukuwa. Georgie, mwini kabwato kapepala uja, akagwidwa dzanja kamera imalunjika pa mano a Pennywise, kenako tili pamaliro. Anthu ena amaona izi ngati kufooka kwa filimuyi, koma ine ndikuona mosiyana. Popeza sakanatha kuonetsa magazi akutuluka m'thupi la mwana, anawaika pamalo ena: pasinki, m'buku la zithunzi, pankhope za anthu owerenga mu laibulale, ndipo pafupifupi nthawi zonse pambali pa magaziwo pamakhala munthu wamkulu amene sakuwaona.

M'bafa mwa Beverly

Tsiku limenelo limayamba ndi kakhadi. Ben, mnyamata wonenepa amene wangosamukira ku Derry, walembera Beverly kandakatulo kachikondi osasainira dzina lake. Bambo a Beverly, amene amagwira ntchito yoyeretsa pasukulu, akukapeza kakhadiko, akukang'amba, akumunena mwana wawo kuti wayamba kuyenda ndi anyamata, ndipo akumumenya mbama. Iye akuthawa m'nyumba, ndipo tsiku lomwelo akupeza anzake atsopano kumtsinje, komwe akumanga kadamu. Madzulo akubwerera kwawo, chifukwa mwana wa msinkhu umenewo alibe kwina koti n'kupita.

Ali m'bafa akumva mawu a ana akumuitana kuchokera m'paipi ya sinki, ana amene anafa kale. Kenako chibaluni chofiira chikutuluka pang'onopang'ono pabowo la sinkiyo, chikufufuma, n'kuphulika, ndipo magazi akuwazika paliponse. Beverly akukuwa. Bambo ake akubwera mothamanga, akufunsa chimene chachitika, akuyang'ana sinkiyo imene yafiira yonse, akutsamirapo manja awo, ndipo nkhope yawo sikusintha ngakhale pang'ono.

Chimene chikuchitika kenako ndinali ndisanachimve n'kale lonse, chifukwa chili m'mawu, ndipo ndili mwana mawuwo sindinkawatsata. Beverly, yemwe anaseweredwa ndi Emily Perkins, akuyang'ana magaziwo, akuyang'ana bambo ake, ndipo m'kanthawi kochepa kwambiri akuzindikira kuti ali yekha. Akuzindikiranso kuti akanena zoona angamenyedwenso kachiwiri tsiku lomwelo. Choncho akunena kuti anaona kangaude wamkulu. Bambowo mtima ukukhala pansi, chifukwa mwana wamkazi woopa kangaude ndi chinthu chimene akuchimvetsa, ndipo akumugwira kumaso mwachikondi ndi manja omwewo a magazi, n'kumuuza kuti amamudera nkhawa kwambiri. Akutuluka, ndipo mwanayo akutsala ndi magazi patsaya.

Pamenepa palibe mano akuthwa, ndipo Pennywise sakuoneka n'komwe. Chimene chimandipweteka ndi liwiro limene mwanayo wapezera bodza loyenera. Sanachite kuganiza nthawi yaitali, ndipo zimenezi zikutiuza kuti si koyamba kuwerenga nkhope ya bambo ake n'kusankha mawu amene angamupulumutse. Mwana amene wakulira m'nyumba ya nkhanza amaphunzira msanga kuti pali mantha amene akuluakulu amawalandira ndi mantha amene amawakwiyitsa, ndipo akafunsidwa amapereka olandirikawo, enieniwo n'kuwasunga mumtima. Filimuyi yaika chilombo cha m'mipaipi ndi bambo wa m'nyumba m'chipinda chimodzi chopapatiza, ndipo woonera wamkulu sachedwa kuona kuti mwa awiriwo amene mtsikanayu akumuopa kwambiri panthawiyo ndi bambo ake.

Kuchokera usiku umene tinaonera filimuyi, kamvedwe kanga ka zonena za ana kasintha. Mwana akanena kuti sakufuna kutumidwa kunyumba ina chifukwa kuli galu, kapena kuti m'mimba mumamupweteka tsiku lililonse limene kuli phunziro la mphunzitsi wina, kapena kuti sakufuna kugona m'chipinda chimene mumagona mlendo chifukwa muli mdima, mwina ndi galudi, m'mimbadi, mdimadi. Koma tsopano ndimafunsanso kachiwiri, modekha, pamene tili awiri, chifukwa ndaona mmene chifukwa chaching'ono chimaimira chachikulu. Kwathu kuno timaphunzitsa ana kulemekeza akuluakulu, ndipo ndi chinthu chabwino chimene sindikufuna chitayike, koma ulemu womwewo umatha kutseka pakamwa pa mwana pamene womulakwirayo ndi wachibale, mphunzitsi kapena munthu wolemekezeka kutchalitchi. Mwana woteroyo sanena kuti palibe chilichonse. Nthawi zambiri amanena kanthu kena kakang'ono, n'kumayang'ana ngati tifunsa zambiri.

Yankho la funso lija

Ndikanakhala kuti ndikuyankha funso la mwana wa achemwali anga lero, ndikanamuuza kuti filimuyi ili ndi mayankho awiri, ndipo imawapereka mwadongosolo.

Loyamba n'lakuti sakuonadi. Bill, mkulu wake wa Georgie, akulowa m'chipinda cha malemu mng'ono wake n'kutsegula buku la zithunzi. Chithunzi cha Georgie chikumutsinzinira diso, iye akuponya bukulo pansi, ndipo magazi akuyamba kutuluka m'masamba ake. Mayi ake akulowa, akutola bukulo, akulibweza pamalo pake manja atafiira, osadziwa kanthu, ndipo bambo ake akumukalipira kuti asadzalowenso m'chipindamo. Makolo amenewa si ankhanza. Ndi anthu amene chisoni cha mwana womwalira chawaphimba m'maso moti mwana wamoyo, amene akudziimba mlandu chifukwa ndi iye anapinda kabwato kaja, sakumuonanso. Zaka 30 pambuyo pake, Richie, mmodzi wa ana asanu ndi awiri aja, atabwerera ku Derry akukhala mu laibulale, zibaluni zikuphulikira pankhope za anthu amene akuwerenga, magazi akuyenderera pamasaya pawo, iwo n'kumangotembenuza masamba.

Lachiwiri likubwera m'gawo lomaliza, ndipo ndi lolemera kuposa loyambalo. Beverly, tsopano ali mayi wamkulu, akukumbukira tsiku limene Henry Bowers ndi gulu lake la anyamata ovutitsa anzawo anamuzungulira pafupi ndi kwawo n'kuyamba kumugwiragwira. Kutsidya kwa msewu kunali bambo wina woyandikana nawo nyumba. Bamboyo anaona zonse, nkhope yake inaonetsa kuti akudziwa kuti si zabwino, ndipo mtsikanayo anayembekezera thandizo. Iye anatembenuka n'kulowa m'nyumba mwake. Apa palibe chilombo chimene chamutseka m'maso, chifukwa Henry ndi mnyamata wamba wooneka kwa aliyense masanasana. Bamboyo anaona, ndipo anasankha chitseko.

Ukaika zochitika zimenezi pamodzi umaona kuti kusaona kwa ku Derry kuli ndi masitepe. Ena sakuona chifukwa cha chisoni, ena chifukwa iwo eni ndiwo gwero la mantha a mwanayo, ena chifukwa kuona kungawapatse ntchito imene sakuifuna. Mayi a Eddie, mnzake wina wa Beverly, amaona matenda okhaokha mwa mwana wawo, mpaka wogulitsa mankhwala akuchita kumuululira mnyamatayo kuti mankhwala a mphumu amene amapopera m'kamwa ndi madzi chabe. Ndipo tawuni yonse itatopa ndi maliro a ana mu 1960, inalandira mosavuta kuvomera kwa Henry Bowers, yemwe anatuluka m'ngalande za pansi pa tawuni tsitsi litayera ndi mantha, n'kumutsekera kuchipatala cha amisala, nkhani n'kuthera pomwepo. Chilombocho chimadya ana, koma chimene chimachisunga chamoyo kwa mibadwo yambiri ndi tawuni imene yaphunzira kuyang'ana kumbali.

Anzake anawaona

Nkhani ya bafa ili ndi theka lachiwiri, limene filimuyi inalisunga mpaka gawo lomaliza. Beverly akuitana anyamata aja kunyumba kwawo bambo ake kulibe, akuwalowetsa m'bafa, ndipo akuyembekezera osanena zambiri. Iwo akuwaona magaziwo. Kenako akutenga nsanza ndi ndowa n'kuyamba kupukuta limodzi naye. Atakula, Beverly akuwauza kuti tsiku limenelo ndi limene anawakondera onse, ndiponso kuti atapukuta limodzi magaziwo sanabwererenso.

Kwa ine apa ndi pamene pali mtima wa filimu yonse. Ana amenewa ndi onyozeka m'tawuni mwawo, ndipo amadzitcha Losers' Club, kutanthauza gulu la olephera. Bill ndi wachibwibwi, Ben ndi wonenepa ndiponso wamasiye, Eddie ndi wodwaladwala, Richie ndi wamagalasi wolongolola, Stan ndi Myuda, Mike ndi wakuda pakati pa azungu, ndipo Beverly ndi mwana wa munthu wosauka. Palibe mwa iwo amene ali ndi mphamvu yochotsa Beverly m'nyumba ya bambo ake. Chimene angathe ndi kumutsimikizira kuti sanapenge, kuti chimene waona chilipodi, n'kugwira naye nsanza. Ana amene anasewera mbali zimenezi, makamaka Jonathan Brandis monga Bill, Brandon Crane monga Ben ndi Seth Green monga Richie, amaoneka ngati anzake enieni, ndipo ndi chifukwa chake gawo la 1960 likadali lamoyo mpaka lero. Kuwaonera tsopano kumabweretsanso chisoni china, podziwa kuti Brandis anamwalira mu 2003 ali ndi zaka 27 zokha, chaka chomwecho chimene John Ritter, amene anasewera Ben wamkulu, anamwaliranso.

Filimuyi sinanamize kuti ubwenzi umachiritsa zonse. Beverly wa mu 1990, amene anaseweredwa ndi Annette O'Toole, ndi katswiri wokonza masitayilo a zovala ku Chicago, ali ndi ndalama ndi dzina, koma akukhala ndi mwamuna amene amamumenya ndi kumulamulira ngati mmene ankachitira bambo ake. Stan akulandira foni ya Mike, akukwera kubafa, n'kudzipha, ndipo gawo loyamba limathera pa kukuwa kwa mkazi wake.

Kangaude

Gawo lachiwiri ndi lofooka, ndipo palibe chifukwa chobisira. Akuluakuluwo, amene ambiri a iwo anali otchuka m'masewero a pa TV a ku America monga Richard Thomas, Harry Anderson ndi Ritter, amathera nthawi yambiri akukumbatirana, akudya ndi kukumbutsana zakale. Pomaliza akutsikira pansi pa tawuni n'kupeza chilombocho m'maonekedwe ake enieni, ndipo ndi chikangaude chachikulu choyenda mwakakasi, chooneka kuti ndi chidole. Beverly akuchilasa ndi legeni pogwiritsa ntchito siliva, Eddie akufa, ndipo otsalawo akuchigwetsa n'kuchizula mtima ndi manja. Wallace mwiniwake ananenapo poyera kuti kangaudeyo sanamukhutiritse.

Anthu ambiri amati vuto linali ndalama ndi luso la nthawi imeneyo, ndipo n'zoona. Koma ndikuganiza kuti ngakhale akanamupanga bwino chotani, kangaudeyo akanakhumudwitsabe. M'bukumo King amafotokoza kuti kangaude ndi maonekedwe oyandikira chabe amene ubongo wa munthu ungathe kuwalandira, ndipo nkhondo yeniyeni imachitikira m'maganizo, chinthu chimene TV ya 1990 sikanatha kuchijambula. Filimu itachotsa zimenezo, chimene chinatsala ndi chilombo choti aliyense angachione, angachiloze ndi chala, ndipo angachimenye. Kwa maola awiri ndi theka takhala tikuopa chinthu chimene mwana akuchiona wamkulu osachiona, ndiye pamapeto tikupatsidwa chinthu chomwe chija Beverly anapeka kuti akhazike pansi mtima wa bambo ake. Mantha a mtundu umenewo ndi opepuka, ndipo woonera amamva kupepukako ngakhale asakudziwa chifukwa chake.

Amene anatsala ku Derry

Munthu amene ndinamuona mwatsopano kwambiri ulendo uno ndi Mike Hanlon, amene anaseweredwa ndi Tim Reid. Anzake asanu ndi mmodzi anachoka ku Derry, anaiwala zonse, ndipo analemera: Bill ndi mlembi wa mabuku oopsa amene akukhala ku England, Ben ndi katswiri wojambula mapulani a nyumba, Richie ndi wanthabwala wotchuka, Eddie ali ndi kampani ya magalimoto onyamula anthu olemera. Mike yekha ndiye anatsala, ndipo chifukwa chotsala sanaiwale. Amakhala moyo wosalira zambiri, amalemba m'buku lake usiku, amafika pamalo pamene mwana wapezeka atafa ngakhale apolisi akumuthamangitsa, ndipo amadziwa kuti foni iliyonse imene aimbe ikhoza kuitanira mnzake ku imfa. Reid amasewera mbali imeneyi mofatsa, ndi mawu otsika a munthu wotopa, ndipo pakati pa akuluakulu onse a mufilimuyi ndi iye amene ndimamukhulupirira kwambiri. Ndi munthu wamkulu yekhayo wokhala ku Derry amene akuonabe magazi.

Apa ndi pamenenso kudula maola kunawononga zambiri. M'bukumo Mike ndiye wosunga mbiri ya tawuniyo, ndipo mbiriyo ndi ya anthu kuposa ya chilombo. Muli nkhani ya fakitale ya zitsulo imene inaphulika mu 1906 ana akusakasaka mazira a Isitala, ndiponso nkhani ya Black Spot, malo achisangalalo a asilikali akuda amene gulu la azungu atsankho linawatentha anthu ali mkati, ndipo bambo ake a Mike anali mmodzi wa opulumuka. Nkhani ya akuluakulu m'bukumo imayamba ndi kuphedwa kwa Adrian Mellon, mwamuna amene anyamata anamumenya n'kumuponya pamlatho chifukwa ankakonda amuna anzake. King anatengera zimenezi pa imfa yeniyeni ya Charlie Howard, amene anaponyedwa mumtsinje wa Kenduskeag mumzinda wa Bangor mu 1984, mzinda umene King ankakhala ndiponso umene anaumbira Derry. Filimu ya 1990 inasiya Mellon, Black Spot n'kungoitchula dzina, ndipo tsankho limene Mike amakumana nalo linatsala m'kamwa mwa Henry Bowers yekha, ngati kuti ndi khalidwe la mnyamata mmodzi woipa osati la tawuni.

Ngakhale zili choncho, filimuyi inamusiyira Mike ntchito yake. Ndi iye amene ali mwana amabweretsa buku la zithunzi zakale za Derry n'kuonetsa anzake kuti zoopsazi zakhala zikubwerezabwereza, ndi iye amene anasunga njinga ya Bill yotchedwa Silver, ndipo ndi mawu ake amene amatitsogolera kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto. Filimu ya 2017 ya Andy Muschietti, momwe Bill Skarsgård anasewera Pennywise, inapeza ndalama zoposa madola 700 miliyoni ndipo ili ndi zabwino zake zambiri, koma inatenga ntchito yofufuza mbiri ya tawuni n'kuipereka kwa Ben, Mike wachichepere n'kutsala ndi zochita zochepa. Ndikuona kuti kumeneko kunali kulakwitsa, chifukwa mwana wakuda yekhayo m'gululo ali ndi chifukwa chenicheni chodziwira zimene tawuni yake imabisa, popeza banja lake linazikhudza ndi thupi.

Chimene sindigwirizana nacho m'nkhaniyi, m'buku ndi mufilimu ya 1990 momwe, n'chakuti Mike safika pa nkhondo yomaliza. Henry Bowers akuthawa kuchipatala cha amisala, akumubaya ndi mpeni, ndipo munthu amene anadikira zaka zonsezo akugonekedwa m'chipatala pamene anzake ochokera kutali akutsikira pansi kukamaliza ntchito imene iye anaisunga yekha. Pamapeto pake amatiuza kuti nayenso wayamba kuiwala, ndipo filimuyi imaonetsa kuiwalako ngati mpumulo umene wakhala akuuyembekezera. Kwa Mike mwina ndi mpumulodi, koma Derry ya mufilimuyi imatsala ili chilili, mosiyana ndi ya m'buku imene imagumuka ndi chigumula chilombocho chikamafa, ndipo anthu ake, kuphatikizapo onse otseka zitseko aja, palibe amene wawafunsa kanthu.